Owerenga Malemba a Chibadwa: Mawu kwa Ophunzira a Digiri Yoyamba

 Nkhani yanga ndi ya sayansi yowerenga chibadwa cha zamoyo mothandizidwa ndi kompyuta, imene m'mabuku anu itchedwa genomics ndi computational biology. Koma popeza ambiri a inu mumamva mayina amenewa monga zinthu za kutsidya kwa nyanja, zoyenera akatswiri a imvi okhala m'nyumba zowala za ku Ulaya, ndafuna kukuonetsani, ndi zochitika zenizeni osati ndi maloto, kuti m'ntchito imeneyi muli malo a wophunzira wa chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndi kuti wolowa m'malomo safunsidwa digiri pakhomo, koma afunsidwa khama, kudekha ndi mtima woona.

Tiyambe ndi chinthu chowerengedwacho. M'kati mwa maselo a chamoyo chilichonse, kaya munthu, kaya chambo, kaya chimanga, kaya kachilombo ka malungo, muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene kalukidwe kake adakalongosola James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge mu 1953, atathandizidwa ndi zimene Rosalind Franklin adapeza ku London. Ulusiwo udapangidwa ndi timagawo ta mitundu inayi yokha, timene timalembedwa A, C, G ndi T. Ndipo mndandanda wa zilembo zimenezi ndiwo ulangiza thupi kupanga mapuloteni ake, amene amanga minofu, nagaya chakudya, nanyamula mpweya m'magazi. Chigawo chosunga malangizo a puloteni imodzi tichitcha jini, ndipo zilembo zonse za chamoyo chimodzi tizitcha genome. Kuti muone mphamvu ya chilembo chimodzi, kumbukirani matenda a sickle cell, amene asautsa ana ambiri m'midzi mwathu: gwero lake ndi chilembo A chimene chidasanduka T m'jini ya puloteni yonyamula mpweya m'magazi, kotero kuti mwana wolandira kusinthako kwa makolo onse awiri amadwala, pamene wolandira kwa kholo limodzi amatetezedwako ku malungo aakulu, monga Anthony Allison adaonetsera kum'mawa kwa Africa mu 1954.

Tsono kompyuta ilowapo chifukwa cha kuchuluka kwa zilembozo. Kachilombo ka Covid-19 kali ndi zilembo pafupifupi 30,000. Ka chifuwa chachikulu, 4.4 miliyoni, ka malungo, 23 miliyoni, ndipo munthu ali ndi zoposa 3 biliyoni, kotero kuti atati wina aziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osadya, osagona, angamalize patapita zaka zoposa 90. Komanso makina ambiri owerenga DNA sawerenga ulusiwo kuchokera kumutu kufikira kumchira, koma amalavula tizidutswa ta zilembo mazana owerengeka, mamiliyoni ndi mamiliyoni, tosakanizika. Kuli monga munthu atatenga mabuku makumi atatu ofanana, nawang'amba tizidutswa, natithira m'dengu limodzi, nakuuzani kuti mubwezeretse bukulo poona pamene mawu a kadutswa aka akomana ndi mawu a kadutswa ako. Kulumikiza tizidutswato, kupeza pamene jini iyambira ndi pamene ithera, kufananiza genome ya chamoyo ichi ndi ya chinzake, ndi kulondola ubale wa zamoyo mwa kusiyana kwa zilembo zawo, ndiyo ntchito imene ndikunena. Ndipo zida zake ndi masamu, mapulogalamu a kompyuta, ndi nzeru ya zamoyo.

Mbiri yake ndiidutsa mofulumira. Mu 1965 Margaret Dayhoff wa ku America adasonkhanitsa m'buku limodzi mapuloteni 65 amene kalukidwe kawo kadali kodziwika masiku amenewo, nayamba kuwafananiza pa kompyuta. Mu 1977 Frederick Sanger adatulukira njira yowerengera DNA, ndipo mu 1990 maiko angapo adagwirizana kuwerenga genome yonse ya munthu, ntchito imene idatha mu 2003 itadya ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni. M'kati mwa ntchitoyo mudachitika zinthu ziwiri zimene ndifuna muzisunge. Choyamba, mu 2000, pamene tizidutswa ta genome ya munthu tidaunjikana popanda wotilumikiza, amene adalemba pulogalamu yolumikizira, m'masabata anayi okha, adali Jim Kent, munthu amene adali asadamalize maphunziro ake a udokotala wa sayansi ku Santa Cruz. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, atsogoleri a ntchitoyo atakomana ku Bermuda mu 1996 adapangana kuti zilembo zonse zowerengedwa ziziikidwa poyera tsiku lisadathe, kuti aliyense azitenga popanda malipiro. Mwambo umenewo udakhazikika. Ndipo lero nkhokwe zitatu, GenBank ya ku America, European Nucleotide Archive ya ku England, ndi DDBJ ya ku Japan, zimagawana zonse zimene zalandira, ndi kuzitsegulira wophunzira wa ku Zomba mofanana ndi pulofesa wa ku Boston. Mtengo wowerengera watsika kwambiri, kufikira kuti kamakina kotchedwa MinION, kokwana m'dzanja, kadagwira ntchito ku Guinea mu 2015 pa mliri wa Ebola. Chifukwa chake chosowa lero si zilembo ayi, pakuti zadzaza nkhokwe. Chosowa ndi anthu ozimasulira.

Kapena wina afunsa mumtima mwake kuti, kodi zonsezi zitikhudza bwanji ife a kuno? Ndiyankha ndi zochitika za pakhomo pathu. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine monga mankhwala oyamba a malungo, popeza adali atafooka, nilitenga Fansidar m'malo mwake. Ofufuza atayang'ana DNA ya tizilombo ta malungo ta ku Blantyre adapeza kuti kusintha kwa m'jini yotchedwa pfcrt, kumene kuchititsa kachilombo kusamva chloroquine, kudali m'tizilombo 85 mwa 100 mu 1992, koma pofika 2000 kudatsala mwa 13 okha. Ndipo dziko lonse lapansi lidaphunzira kwa ife kuti kusamva mankhwala kumalemetsa kachilombo komweko, kotero kuti mankhwalawo akachotsedwa, tizilombo takale tomva mankhwala timabwerera ndi kuchuluka. Kumbukiraninso February wa 2022, pamene kudalengezedwa kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda amene adali asadaonekenso m'dziko muno chiyambire 1992, ndiponso patangopita chaka ndi theka Africa atayesedwa womasuka ku kachilomboko. Funso lidali lakuti, kodi kachilomboko kadabisala pakati pathu zaka zonsezi, kapena kadadza ndi alendo? Adayankha ndi anthu amene adafananiza zilembo zake ndi za tizilombo ta kwina, napeza kuti kadali pachibale ndi ka m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Ndipo podziwa kuti ndi mlendo wofika kumene, Malawi ndi maiko oyandikana nawo adathamangira kupereka katemera kwa ana mamiliyoni.

Zitsanzo sizithera pomwepo. Mtundu wa Salmonella wotchedwa ST313, umene umalowa m'magazi a ana ndi a anthu ofooka m'thupi m'malo mongotsegula m'mimba, udadziwika bwino mu 2009, atawerenga genome ya kachilombo kotengedwa m'magazi a mwana wa ku Blantyre. Ku Karonga, ofufuza adawerenga tizilombo ta chifuwa chachikulu ta odwala oposa 1,600 kuti aone mmene matendawo ayendera pakati pa anthu. Ngakhale nsomba za m'nyanja yathu, mbuna ndi utaka ndi zinzake, zidawerengedwa: mu 2018 kudafalitsidwa kafukufuku wa nsomba 134 za mitundu 73, woonetsa kuti mitundu yosiyana maonekedwe ndi madyedwe chotere siisiyana ndi zilembo zofika zitatu pa 1,000 zilizonse. Ndipo mu November 2021, amene adayamba kuona mtundu wa Omicron adali a mu Africa: Sikhulile Moyo, mbadwa ya ku Zimbabwe, ndi anzake ku Gaborone, pamodzi ndi ofufuza a ku South Africa. Komabe pali chomvetsa chisoni. Ngakhale kusiyanasiyana kwa chibadwa cha anthu kuli kwakukulu mu Africa kuposa kwina kulikonse, popeza mtundu wa anthu udayambira kuno, kuwerengera kwa mu 2016 kudaonetsa kuti mwa anthu olowa m'kafukufuku wofuna majini a matenda, 81 mwa 100 adali a makolo a ku Ulaya, ndipo a makolo a mu Africa adali atatu okha. Tsono ngati chibadwa cha anthu athu, cha nsomba zathu ndi cha mbewu zathu chiti chiwerengedwe, monga chiyeneradi, nkoyenera kuti pakati pa owerengawo pakhale eni ake, amene adziwa mafunso ofunika kwa ife.

Koma mudzati, imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu. Wophunzira wosamaliza angaonjezepo chiyani? Imvani zimene zidachitika kwina. Mu 2006 Sarah Elgin wa ku Washington University ku St. Louis adayambitsa Genomics Education Partnership, mgwirizano wa masukulu ambiri, ena a iwo ang'onoang'ono ndi opanda labotale yokwanira, m'mene wophunzira aliyense amapatsidwa kachigawo ka genome ya ntchentche ya zipatso kuti apezemo majini ndi kukonza zimene kompyuta idalakwitsa. Ndipo kachigawo kalikonse kamapatsidwa kwa ophunzira osachepera awiri osaonerana, kuti mayankho awo ayesedwe. Mu 2015 zotsatira zake zidafalitsidwa m'magazini ya sayansi, olemba ake ali oposa 1,000, ndipo oposa 900 mwa iwo adali a digiri yoyamba. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chitsanzo chachiwiri chidza pafupi ndi kwathu. Mu 2008 kudayamba ku America pulogalamu yotchedwa SEA-PHAGES, yogwirizana ndi Graham Hatfull wa ku Pittsburgh, m'mene ophunzira a chaka choyamba amatapa dothi, nafunamo mavairasi odya mabakiteriya, nawatcha mayina, nawerenga genome yawo. Pa maphunziro a mtundu womwewu ku Durban mu 2010, wophunzira wina wa digiri yoyamba adapeza vairasi yotere kunsi kwa biringanya lowola, naitcha Muddy, ndipo idasungidwa pamodzi ndi zikwi za zinzake popanda wodziwa ntchito yake. Patapita zaka, ku London kudali msungwana wa zaka 15 amene bakiteriya yosamva mankhwala aliwonse idamufalikira m'thupi atamuika mapapo ena. Madokotala adatumiza bakiteriyayo ku Pittsburgh, ndipo mwa mavairasi atatu amene adasankhidwa kuti alimbane nayo, imodzi idali Muddy. Zilonda zidayamba kupola, ndipo nkhaniyo idafalitsidwa mu 2019. Wophunzira uja sadali kufuna mankhwala. Adangochita mosamala ntchito yaing'ono imene adapatsidwa, nailemba bwino, naiika pamene ena angaipeze.

Tsono ndikuonetseni makomo olowera, kuyambira ndi lapafupi, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khomo loyamba silifuna chilolezo cha munthu. Wokhala ndi laputopu, ngakhale yakale, kapena wotha kupeza kompyuta ya ku laibulale, angayambe lero kuphunzira chiyankhulo cha Python kapena cha R, ndi kulamula kompyuta mwa Linux, zonsezi zili zaulere. Pa intaneti pali malo otchedwa Rosalind, opereka motsatana mafunso a bioinformatics, ndiyo ntchito imene ndikunenayi, kuyambira pa kuwerengetsa zilembo kufikira pa kulumikiza tizidutswa. Pali BLAST, chida cha mu 1990, chimene mukachipatsa zilembo chimakuuzani m'kanthawi zamoyo zokhala ndi zofanana nazo. Ndipo pali Galaxy, imene imasenza kuwerengera kolemera pa makompyuta ake aakulu, inu mukungotumiza malangizo. Ndidziwa za magetsi ozimazima ndi za mabandulo okwera mtengo. Koma genome ya vairasi ndi yopepuka kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni, ndipo ya bakiteriya ili pafupifupi mamegabaiti asanu, kotero kuti mungaitenge kamodzi ndi kuigwiritsa ntchito mwezi wathunthu popanda intaneti. Wophunzira zamoyo aphunzire masamu a chiwerengero ndi kulemba mapulogalamu; wophunzira kompyuta kapena masamu aphunzire za maselo ndi majini; ndipo awiriwa akapalana ubwenzi, aliyense adzafupikitsa ulendo wa mnzake.

Khomo lachiwiri ndi la pasukulu panu ndi mabungwe ofufuza a m'dziko muno. Pafupifupi nonse mudzafunsidwa kuchita kafukufuku wa chaka chomaliza. Ndipo pamene mnzanu adikira mankhwala a mu labotale amene achedwa miyezi, inu mungasankhe funso loyankhika ndi zilembo zimene zili kale m'nkhokwe, monga kufufuza majini osamva mankhwala m'mabakiteriya otengedwa ku Malawi, kapena kulondola ubale wa mavairasi owononga chinangwa. Aphunzitsi a ku KUHeS, ku MUST, ku LUANAR, ku Mzuzu ndi ku Zomba, ofufuza a Malawi Liverpool Wellcome Programme ku Blantyre, a MEIRU ku Chilumba ndi ku Lilongwe, ndi a zaulimi ku Chitedze, onsewa ndi anthu ofikirika. Safunsa adadya phula. Koma pofunsa pali mwambo wake. Musalembe kalata imodzi yopita kwa anthu makumi awiri yonena kuti mufuna mwayi uliwonse, pakuti yotere siiyankhidwa. Yambani mwawerenga chimene munthuyo adafalitsa. Kenaka lembani mwachidule ndi mwaulemu, kunena kuti ndinu yani, mwawerenga chiyani, mutha kuchita chiyani, ndipo muli ndi maola angati pa sabata. Ndipo ngati mwayesa kubwereza kuwerengera kumodzi kwa m'kafukufuku wake, tumizani zimene mwapeza, pakuti ntchito yooneka ilankhula koposa malonjezo.

Khomo lachitatu ndi la kunja. Mu 2010 kudakhazikitsidwa H3Africa, ntchito yofufuza chibadwa ndi umoyo wa anthu a mu Africa, ndipo nthambi yake ya H3ABioNet, yotsogoleredwa ndi Nicola Mulder ku Cape Town, idayamba mu 2016 kuphunzitsa bioinformatics kwaulere mwa intaneti kwa magulu osonkhana m'makalasi a m'maiko ambiri. Amene adaphunzira m'menemo alipo pakati pathu, ndipo ndiwo adziwa maphunziro amene atsegulidwa chaka chino. European Bioinformatics Institute ndi Wellcome Connecting Science nawonso ali ndi maphunziro aulere a pa intaneti. Google Summer of Code, imene idayamba mu 2005, imalipira anthu a m'maiko ambiri kuti alembe mapulogalamu ali kwawo, ndipo mabungwe a bioinformatics amalowamo. Cold Spring Harbor Laboratory ya ku New York yakhala ikuitana ophunzira a digiri yoyamba chiyambire 1959, a ku America ndi a kwina, kuti akafufuze kwa masabata pafupifupi khumi. Ndipo m'gulu loyambalo mudali David Baltimore, amene adadzalandira mphotho ya Nobel mu 1975. Koma chenjerani: malo ngochepa, opikisana ngambiri, ndipo mapulogalamu ena, monga REU a National Science Foundation, ndi a nzika za America ndi okhazikika kumeneko okha. Werengani malamulo musadataye nthawi, yambani kukonzeka miyezi ingapo tsiku lotsekera lisadafike, ndipo pemphani makalata a umboni kwa aphunzitsi amene adaona ntchito yanu ndi maso awo.

Ndisakunamizeni kuti njirayi ndi yosalala, pakuti walira mvula walira matope. Masiku ambiri adzatha mukufunafuna chifukwa chimene pulogalamu yakanira kuyenda, ndipo mudzapeza kuti ndi kachizindikiro kamodzi koikidwa posayenera. Choopsa koposa ndi pulogalamu imene yayenda bwino nikupatsani yankho labodza, pakuti kompyuta siichita manyazi. Chifukwa chake mukaona chotsatira chodabwitsa, yambani mwachikayikira, nimufunse ngati DNA ya wodwala uyu siidasakanizike ndi ya wina, kapena ngati mwangozi mokha simungatuluke chithunzi chomwecho, popeza woyesa majini 20,000 nthawi imodzi adzapeza ena ooneka ngati apadera ngakhale palibe kanthu. Lembani m'kope lanu lamulo lililonse limene mwapatsa kompyuta ndi gwero la zilembo zilizonse, kuti mnzanu athe kubwereza ntchito yanu ndi kupeza zomwezo. Zida zatsopano zonga AlphaFold, imene ilosera maonekedwe a mapuloteni ndipo idapezetsa eni ake mphotho ya Nobel mu 2024, zigwiritseni ntchito ndithu, koma musasaine dzina lanu pa chinthu chimene simungathe kuchifotokoza. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Palinso udindo wolemera. Zilembo za munthu si zake yekha. Zinenanso za amake, za abale ake, ndi za ana ake osabadwa. Anthu athu sapereka magazi mwachisawawa, ndipo amene akumbukira mphekesera za anamapopa zimene zidagwedeza maboma a kum'mwera mu 2017 adziwa kuti kukhulupirirana pakati pa ofufuza ndi anthu a m'mudzi kumamangidwa zaka zambiri, koma kumagwa tsiku limodzi. Chifukwa chake kafukufuku wokhudza anthu sayambika popanda chilolezo cha makomiti oyang'anira, monga NHSRC, ndi popanda kuvomera kwa mwini magazi atamva bwino m'chiyankhulo chake; ndipo zinsinsi za wodwala sizisungidwa pa fulashi yoyenda m'thumba.

Kwa inu aphunzitsi ndi akuluakulu a masukulu, pempho langa ndi limodzi: mmera mpoyamba. Musadikire chaka chachinayi kuti muonetse wophunzira funso limene yankho lake silili kumapeto kwa buku. Mpatseni kachigawo kakang'ono ka ntchito yeniyeni, mukhale naye kanthawi sabata iliyonse, ndipo ntchitoyo ikafalitsidwa, dzina lake lilembedwe monga mwa thukuta lake.

Ndipo inu ophunzira, musachoke pano ndi chidwi chokha. Sabata ino isadathe, tsegulani GenBank, tengani genome ya kachilombo kamodzi kamene kadadwalitsapo wina wa kwanu, yesani kupezamo jini imodzi, muifananize ndi ya kachilombo ka dziko lina, ndipo mulembe tsamba limodzi lonena zimene mwaona ndi zimene zakuzunguzani. Tsamba limenelo mupite nalo kwa mphunzitsi wanu, pakuti pamenepo ndi pamene kafukufuku wanu adzakhale atayamba.